Chidebe cha Lole ya ku Luchenza

Sonkhezerani chikunicho, ndikuuzeni za lole imene alamu anga a Lameki Chipwaila anagula ku Luchenza. Ena mwa inu munaiona ikudutsa mu Bangwe muno, yachikasu chosuluka, itasenza dzanja lalitali lachitsulo pamsana. Munamvanso zimene anthu ankanong'onezana. Ine Wedisoni ndinalipo kuyambira tsiku loigula, ndiye mumvere kwa ine.

A Lameki anakwatira mlongo wanga Felesiya. Ntchito yawo inali yodula ndi kusadza mitengo m'makomo mwa anthu: bulugamu wopendekera nyumba, jakaranda wogunda mawaya a magetsi, mapeyala otalika mopyola. Iwo ankakwera ndi chingwe, macheka a injini ali m'chiuno, ine ndinkatsala pansi kukoka nthambi kuti zisagwere denga la eni ake. Tinagwira chonchi zaka khumi ndi zitatu. Koma bondo la munthu si chitsulo. Atakwanitsa zaka makumi asanu, a Lameki anayamba kutsika mumtengo akutsimphina, ndipo makasitomala a m'mipanda anayamba kuitana anthu okhala ndi zipangizo.

Ndiye anamva kuti ku Luchenza kuli lole ya chidebe yogulitsa. Kwa amene simunaionepo: pamsana pake pamakhala dzanja lachitsulo lopindika ngati chigongono, kumapeto kwa dzanjalo kuli chidebe chachikulu chofika m'chiuno. Munthu amalowa m'menemo, dzanja n'kumukweza mpaka kunsonga kwa mtengo. Zowongolera zimakhala ziwiri, zina m'chidebemo, zina pansi, kumbali kwa lole. A Lameki anagulitsa kapuloti kawo ka ku Chigumula, Loweruka lina tinakwera minibasi.

Tinaipeza kuseri kwa galaja, itamera udzu m'matayala. Wogulitsa anali bambo wina wonenepa, a Makwinja. Injini inalira kamodzin'kamodzi. Ndinakwawira pansi kuona ngati mafuta akudontha, ndinagogoda matayala, ndinayang'ana mapaipi a dzanja lija. Zonse zinali bwino, bwino kwambiri poyerekeza ndi mtengo umene ankatchula. Chimene chinandidabwitsa chinali chidebe. Chinali chokutidwa ndi lona, ndipo lonayo anaikulunga ndi waya maulendo ambirimbiri.

“Bwanji mwachimanga chonchi?” ndinafunsa.

“Mvula,” anatero a Makwinja.

Unali mwezi wa Seputembala, fumbi lili koboo.

A Lameki anamasula waya uja. M'chidebemo munalibe kanthu, koma masamba ochepa aawisi. A Lameki anati, “Takwerani mutionetse mmene chimayendera, bwana.”

“Ine chizungulire,” anayankha a Makwinja. Anaima pa zowongolera za pansi, n'kukweza dzanja lija mpaka kumapeto, n'kulizunguza, n'kulitsitsa. Nthawi yonseyo maso awo anali pa nsapato zawo. Munthu wotani amene amakweza chitsulo cholemera chonchija osayang'ana kumene chikulowera?

A Lameki asanayambe n'komwe kunenerera, a Makwinja anatsitsa mtengo okha. Chimodzi chokha anachiumirira: tiitenge tsiku lomwelo, dzuwa lisanapendeke. Makiyi ndi mapepala sanatipatse m'manja. Anazisiya pampando wa dalaivala, iwo n'kubwerera m'mbuyo.

Ndinanong'oneza alamu anga kuti mwina ndi yakuba.

“Mapepala si awa? Alamu, inu mumakayikira ndi madzi akumwa omwe.”

Tinanyamuka. M'minda ya tiyi ya ku Thyolo, amayi othyola tiyi anaweramuka n'kumatibayibitsa. Ndinabweza dzanja, koma ndinaona kuti sakuyang'ana ife. Maso awo anali pamwamba pa denga, kumene kunagona chidebe. Patsogolo pang'ono nkhalamba ina inali kukankha njinga. Inaima, inavula chipewa, n'kukhala chiimire mpaka tinakhota. Ndinati mwina lole yotere ndi yachilendo kuderako.

Pa rodibuloko wapolisi anatiimitsa nkhope ili gwa.

“Madala, mukufuna kupha munthu? Pampando pali malo, inu mwamukweza kumwambako?”

“Munthu wake uti, bwana?”

“Amene wakhala m'chidebemo. Mutsitseni.”

Tinatsika tonse atatu. Wapolisi anakwera yekha pamsana pa lole, anasuzumira. Anakhala kanthawi ali chisuzumire. Potsika sanafunsenso laisensi kapena mapepala. Anangoti, “Pitani,” n'kumapukuta dzanja pa thalauza.

Milungu itatu yoyamba ntchito inayenda ngati madzi. Mtengo umene kale tinkalimbana nawo masiku awiri, tinkaumaliza nthawi ya nkhomaliro isanakwane. A Lameki anasiya kutsimphina. Lole inkagona mumpanda mwawo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, ndipo ine ndinkafika mmawa uliwonse kuchokera kwathu ku Namiyango.

Lolemba lina ndinawapeza ataima pakhomo, manja ali kumbuyo. Dzanja la lole linali m'mwamba, chidebe chitalowa m'nthambi za peyala.

“Alamu, munasulitsa kiyi wina?”

“Kiyi wa chiyani?”

“Ine ndinalitsitsa dzulo, inu mukuona. Kiyi amagona m'thumba mwanga. Ndani winanso amadziwa kukweza chinthuchi?”

Ndinagwira injini. Inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndinawakumbutsa kuti popanda injini dzanjalo silingakwere, komanso kuti injini imeneyi ikalira agalu a mzere wonse amadzuka. Anangondiyang'ana m'mbali.

Kenako zinthu zinayamba kusowa. Chikwanje chathu chachifupi chinasowa Lachitatu. Tinachipeza Lachisanu chitazikika m'nthambi ya pamwamba penipeni pa peyala, pamene ngakhale nyani angaganize kawiri. Chingwe chimene ndinachikulunga ndekha ndinachipeza m'chidebe, chitamangidwa mfundo imene ine kapena a Lameki sitimanga. Ndipo masamba aja. Tsiku lililonse ndinkasesa m'chidebemo, mmawa n'kupezamo masamba aawisi, onyowa. Sanali a peyala. Ndinawanunkhiza, ndinawatembenuza. Anali a mkuyu, ndipo m'dera lathu lonse mkuyu ndinali ndisanauonepo.

A Lameki anaika loko wachiwiri pageti osandipatsa kiyi. Zaka khumi ndi zitatu ndikugwira chingwe chimene chinkasunga moyo wawo, lero ndizigogoda ngati wogulitsa makala.

Felesiya ndiye anamva kutsokomola. Ankasesa pabwalo m'mamawa, amuna ake ali kubafa, ndipo kuchokera pamwamba pa lole munthu anatsokomola, chifuwa cha munthu wamkulu wosuta fodya wa chingambwe. Anataya tsache n'kulowa m'nyumba. Tsiku lina madzulo, dzuwa likulowa, tonse atatu tinali pakhonde. Tinamva kugogoda m'chidebe: gu, gu, gu. Kenako zii. Kenakonso gu, gu, gu. Ine ndi a Lameki tinayang'anana, pakuti pantchito yathu, macheka akamasokosa, munthu wa m'mwamba amagogoda katatu akafuna kuti umutsitse.

“Chitsulo chikuzizira,” anatero a Lameki. Koma tiyi wawo sanamumalize.

Mukudziwa mmene makomo athu alili, mpanda subisa kanthu. Ana a nyumba yoyandikana anauza amayi awo kuti kwa a Chipwaila kuli bambo amene amakhala m'chidebe, sayankha moni. Apo mpamene nkhani inayaka. Mng'ono wake wa a Lameki anali atamwalira mwadzidzidzi chaka chomwecho, m'mwezi wa Meyi. Anthu anaphatikiza: mng'ono wafa, lole yabwera, ntchito ikuyenda. Ati a Lameki anakhwima, anasandutsa m'bale wawo ndondocha yowagwirira ntchito. Amayi anasiya kugula mandasi a Felesiya. Kutchalitchi benchi lawo linkakhala lotakasuka. Wina anaponya mwala padenga masanasana.

Felesiya anabwera kwathu akulira. “Achimwene, inu mumayenda nawo. Ndiuzeni zoona. Ku Luchenza kuja munapita kogula galimoto basi?”

Ndinati eya. Koma atachoka ndinayamba kukumbukira. Pa galaja paja panali nthawi imene a Lameki ndi a Makwinja analowa kuseri awiriwiri, ine ndili pansi pa lole. Anakakambirana chiyani? Nanga bwanji munthu wochenjera ngati iwo sanadabwe ndi mtengo uja? Ndikuvomera pamaso panu, ndinayamba kudya nawo mosamala. Iwo ankandiona ngati wakuba, ine ndinkawaona ngati mfiti, koma mmawa uliwonse tinkakhala pampando umodzi kupita kuntchito.

Tsiku limene zinafika pamutu tinali ku Namiwawa, pa nyumba ina yakale, kudula bulugamu amene anang'ambika pakati. Anali masana, dzuwa lili paliwombo, kopanda ndi kamphepo komwe. A Lameki anali m'chidebe, ine pansi ndikukoka nthambi. Nditawerama kuti ndimasule chingwe, maso anga anagwera pa chithunzithunzi cha chidebe pa kapinga. Panali mitu iwiri.

Ndinayang'ana kumwamba, dzuwa linandithobwa m'maso. Ndinayang'ananso pansi. Mutu wina unali wa a Lameki, wa chipewa chawo cholimba chija. Winawo unali kumbuyo kwawo, wopanda chipewa, wautali pang'ono.

Injini ya lole inazima. Macheka nawonso anazima. Kunangoti zii, moti ndinamva njiwa ikulira kumpanda wachitatu. Kenako dzanja lija linayamba kukwera. Popanda injini, popanda phokoso, linachoka pamtengo pang'onopang'ono, linatambasuka mpaka kumapeto, n'kutembenukira kumene kuli mapiri a Thyolo. Apo linaima.

Ndinathamangira pa zowongolera za pansi. Ndinakankha, ndinakoka, zinali ngati zowotcherera. Ndinayesa kiyi, injini osatsokomola n'komwe.

“Alamu! A Lameki!”

Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione bwino. Ndinkawaona atakakamira mbali imodzi ya chidebe, mimba itagunda m'mphepete, ngati munthu wopanikizika mu minibasi yodzaza. Mlonda wa panyumbapo anabwera, anayang'ana kumwamba, n'kubwerera kukanyumba kake, n'kutseka chitseko.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako ndinaona chingwe chikugwa. A Lameki anachimanga m'mphepete mwa chidebe osatembenuka, anatulutsa mwendo umodzi, kenako winawo, n'kutsetsereka. Anafika pansi zikhatho zitasupuka, n'kukhala pa kapinga. Milomo inali mbuu.

“Munali ndani?” ndinafunsa.

“Sindinacheuke.” Anapuma. “Amapumira pakhosi panga pano. Fungo la dothi lonyowa. Ndiye anayamba kugogoda, alamu, pafupi ndi bondo langa. Katatu. Katatu. Katatu.”

Anandigwira mkono ndi manja a magaziwo. “Ndinakunamizirani. Mundikhululukire.”

Ine sindinawauze zimene ndinkawaganizira. Ndinangowamanga manja ndi malaya anga. Titayesanso kiyi, injini inalira kamodzin'kamodzi, dzanja n'kutsika bwinobwino.

Mmawa wake tinabwerera nayo ku Luchenza, ine ndikuyendetsa. A Makwinja kunalibe. Ati anasamukira ku Mozambique sabata imene tinagula loleyo. Pa galajapo panali mkulu wina wowotcherera zitsulo. Atationa anazimitsa moto wake, anakweza magalasi pamphumi.

“Yabwereranso,” anatero. “Inu ndinu achitatu.”

Anatikhazika pa matayala akale n'kutiuza. Zaka zinayi zapitazo loleyo inali ya kontrakita wina amene ankakuza msewu wa fumbi wopita kwa Likhula. M'mphepete mwa manda a mudziwo munali mkuyu waukulu umene nthambi zake zinatchinga msewu. Eni mudzi anakana kuti usakhudzidwe. Kontrakita anadikira tsiku la msika, anthu atachoka, n'kukweza munthu wake wodula, bambo Namakhwa, amene kwawo kunali komweko. Nthambi ziwiri zitagwa, anthu anatulukira ndi miyala ndi zibonga. Dalaivala anazimitsa injini, anasolola kiyi, onse n'kuthawa, kumusiya mnzawo m'mwamba. Anthu aja anathamangitsa othawawo mpaka kumtsinje. Amene anatsalira akuti anamumva akugogoda, koma panalibe wodziwa kutsitsa chidebe, komanso panalibe wofuna kuyandikira mkuyu wovulazidwa.

“Apolisi atafika ndi dalaivala madzulo ake, anatsitsa chidebe. Munalibe munthu. Pansi panalibe magazi, panalibe mapazi. Chingwe chake chinali momwemo, chokulunga. Mpaka lero.” Mkulu uja analoza ndi chibwano chakumudziko. “Mkazi wake alipo. Anakana kuti alire maliro. Amati munthu amene sanatsike sanafe.”

A Lameki anati, “Tiyeni tikamutsitse kwawo.”

Tinafika kwa Likhula dzuwa litangopendeka. Mayi Namakhwa anali mayi wochepa thupi, tinawapeza akusenda chinangwa. Ataona lole anaimirira, mpeni uli m'manja. A Lameki anagwada, anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, analowa m'nyumba, anatuluka atavala chitenje chatsopano ndi mpango woyera, n'kukwera pakati pathu.

Mkuyu uja ulipobe, ndi zipsera ziwiri zakuda pamene panali nthambi. Kumanzere kwake kuli nkhalango ya manda, kumanja kuli kanjira kopita kumudzi. Anthu anatitsatira, koma anaima patali. Mayi Namakhwa anatilozera pamene lole inaima tsiku lija. Ndinaimika pomwepo, ndinatsitsa miyendo yake yachitsulo, n'kukweza chidebe chopanda munthu mpaka pa zipsera zija.

Tinadikira. Ntchentche zokha ndi zimene zinkamveka.

Gu, gu, gu.

Amayi ena kumbuyo kwathu anakuwa. Ndinatsitsa dzanja lija pang'onopang'ono, monga ndimatsitsira munthu wamoyo, mpaka chidebe chinagunda udzu. Mayi Namakhwa anasendera pafupi, anagwada, anaomba m'manja.

“Tsikani, bambo a Esinati. Mwafika. Tsikani, kunyumba kuli madzi osamba.”

Chidebe chinapendekera mbali imodzi, monga chimachitira munthu akaponda m'mphepete. Kenako chinadzuka pang'ono, chitapepukidwa. Udzu wouma wa pambali pake unagona. Unagonanso patsogolo pake. Tonse tinkaona mapondedwe amenewo, aatali, osafulumira. Anadutsa pafupi ndi mayi wogwadayo osaima. Pa mphambano sanakhotere kumanja. Analowera kumanzere, kunkhalango ya manda, masamba a tchire anagwedera kamodzi, basi.

A Lameki anatulutsa mpweya. Ine ndinati m'mtima, zatha.

Koma mayi Namakhwa anali chigwadire, akuyang'ana kumene udzu unagona.

“Amene watsikayu si mwamuna wanga,” anatero.

“Mayi?”

“Zaka makumi awiri ndi zisanu, bambo a Esinati sanandidutsepo osandiyankhula. Ndipo njira ya kwawo amaidziwa.” Anatembenukira kwa ine. Maso awo anali ouma. “Uyu ndi mwini mtengo. Amene anakwera m'chidebe tsiku lija ndi iye, mwamuna wanga n'kutsala mumtengomu m'malo mwake. Kwezaninso, achimwene. Mwina tsopano amulola.”

Ndinayang'ana a Lameki. Anagwedeza mutu kuti ndikweze.

Ndinakweza chidebe mpaka pa zipsera zija. Tinadikira mpaka mithunzi inatalika, anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi. Kugogoda sikunamveke. Nditagwira chowongolera kuti nditsitse, mayiwo anandigwira dzanja.

“Chisiyeni pomwepo. Akabwera apeze pokwera.”

Loleyo inali puloti ya a Lameki, inali bondo lawo, inali chakudya cha ana a mlongo wanga. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula chitseko, anatulutsa macheka ndi zingwe zathu, n'kundiitana kuti ndiwaonetse mayiwo mmene amalizira injini ndi chowongolera chotsitsira. Mayi Namakhwa anayesa kawiri mpaka anadziwa. A Lameki anazimitsa injini, anasolola kiyi, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Tinabwerera pa kabaza mpaka pamsewu waukulu. A Lameki anayambanso kukwera ndi chingwe, mitengo yaifupi yokha, ndipo anthu a mu Bangwe, ataona kuti umphawi wabwerera, anayambanso kugula mandasi a Felesiya.

Chaka chatha ndinadutsa kwa Likhula popita kukagula nthochi. Matayala anaphwa, utoto unatheratu, batire linafa kalekale, koma dzanja lija likadali m'mwamba. Pansi pa lole panali posesa bwino. Mayi Namakhwa anali pamkeka pambali pake akusankha nyemba, kiyi ali pakhosi pa kachingwe. Ndinawapatsa moni. Anandiyankha ndi dzanja lokha, chala china chili pamlomo, khutu atalitchera kumwamba.